Momwe Kuchedwa kwa Nduna Kunapulumutsira Sukulu ya Dikirani

Mu ufumu wa Zatheka, kuseri kwa mapiri a Musafunse, palibe chinthu chimene chimalephereka. Chikalephereka, wailesi imalengeza kuti chatheka, ndipo nkhani imathera pomwepo.

Mliri wa chitsokomolo utagwa m'dzikomo, sukulu zonse zinatsekedwa kwa zaka ziwiri. Mfumu Sindilakwa Yachinayi inalamula kuti ana aziphunzira kudzera pa wailesi, ndipo anaphunziradi. Analoweza nyimbo zonse zatsopano ndi mauthenga onse a maliro. Ophunzira a pa Yunivesite ya Mawa anauzidwa kuti aziphunzira pa lamya za m'manja, choncho ambiri anatha zaka ziwirizo ali pamwamba pa chulu, dzanja lili m'mwamba, kusakasaka netiweki. Akuti wina analandira digiri ya zaulimi asanatsike pachulupo.

Tsiku lotsegulira litafika, aphunzitsi anapeza kuti m'dziko lonse chiswe chokha ndicho chinamaliza mabuku kuyambira Sitandade 1 mpaka 8. Madesiki anali atasamukira kumsika kukagwira ntchito yoyalapo usipa. Mbuzi zinali zitagawana makalasi mwachilungamo. Ana nawo anabwerera ali ataliatali, yunifolomu ikulekeza pamchombo, anyamata ena akuyankha kuti "ndilipo" ndi mawu a abambo awo.

Mfumu inaitanitsa bwalo la nduna ku likulu, mumzinda wa Chiwombammanja.

"Ndamva kuti ana anga abwerera m'mbuyo pa maphunziro," inatero Mfumu. "Ndinawalola ndine?"

"Ayi, Mwinidziko!" zinayankha nduna zonse 36.

Anaimirira a Vomerezani, Nduna ya Maphunziro, munthu amene mutu wake unazolowera kugwedezeka chokweza ndi chotsitsa mwakuti ngakhale akagona unkapitiriza. Iwo anapereka ganizo lakuti aphunzitsi aziyankhula mofulumira kawiri kuposa kale, kuti zaka ziwiri zikwane m'chaka chimodzi. Nduna ya Chitetezo inati ndi bwino kumanga ana angapo oiwala kwambiri kuti anzawo atengerepo phunziro. Nduna ya Zikondwerero inati vuto lililonse limafuna nsalu yakeyake ndi gule wake, ndipo inali itajambulitsa kale nsaluyo.

Mfumu inakweza dzanja n'kuyamba kulamula.

"Lembani. Choyamba, kuyambira Lolemba maphunziro abwerera mwakale. Chachiwiri, nduna iliyonse iziyendera sukulu kuti ikaone ndi maso kubwerera mwakaleko. Chachitatu, mayeso a Sitandade 8 alembedwa pakatha masiku makumi anayi. Sukulu iliyonse imene theka la ana ake silipambana itsekedwe, tisungemo ndowa."

"Zaveka, Mwinidziko!"

Ndowa zimenezi zinali zosambira m'manja, zokwana zikwi mazana atatu. Zinaitanitsidwa mliri utangoyamba ndipo zinafika mliri utatha. Zinali zitadzaza m'makhonde a nyumba yachifumu, moti Mfumu inali itapunthwa nazo kawiri.

Tsopano tiyeni ku sukulu ya Dikirani. Sukuluyi ili m'mphepete mwa msewu wa tara, kungodutsa pang'ono msika wa Tsitsaniko. Kalasi ya Sitandade 8 inali ndi ana 112 ndi mphunzitsi mmodzi, Madamu Nankhoma, amene anali ataphunzitsa pamenepo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Atamva lamulo lachitatu, anayang'ana chipinda chawo, n'kuona m'maganizo ndowa zitasanjikizana mpaka kudenga, ndipo anamanga chitenje molimba. Masiku makumi anayi ndi ochepa, koma anati ayesa.

Anaiwala lamulo lachiwiri.

Ku Zatheka munthu wamkulu salandiridwa mwachisawawa. Miyala ya m'mbali mwa njira ipakidwe laimu. Mitengo ipakidwe laimu mpaka m'chiuno. Bwalo lisesedwe kufikira nyerere zitasowa pobisala. Koposa zonse, ana afole m'mbali mwa msewu kuyambira 7 koloko m'mawa, timbendera tili m'manja, nyimbo zili pakamwa. Ndipo popeza Dikirani inali pa tara, komanso pafupi ndi pamene amawotcha nyama ya mbuzi yofewa kwambiri m'chigawo chonsecho, nduna zonse 36 zinaona kuti mtima wawo ukuzikokera ku Dikirani.

Sabata yoyamba inatha choko chisanakhudze bolodi.

"Ahedi, ine ndiphunzitsa liti?" anafunsa Madamu Nankhoma Lolemba lotsatira.

A Kamtedza, mphunzitsi wamkulu, anali atagwada akupaka laimu mwala umene anaupaka kale Lachisanu. "Madamu, lero kukubwera Nduna ya Nsomba."

"Nduna ya Nsomba idzaona chiyani pa sukulu?"

"Kubwerera mwakale."

"Kuli kuti kubwerera mwakaleko?"

"Si uku tikupakaku? Gwirani burashi, Madamu, ndipite ndikaone ngati ng'oma zawambidwa."

Madamu anatsala ndi burashi ndi chitini cha laimu. Inali 9 koloko. Nduna imayenera kufika 8 koloko, ndipo aliyense ankadziwa kuti ifika cha m'ma 2 koloko masana, pakuti ku Zatheka ukulu wa munthu umayezedwa ndi maola amene anthu amudikira. Madamu anayang'ana ana awo. Onse 112 analipo, wojomba panalibe, chifukwa tsiku la mlendo mwana aliyense ankalandira banzi. Anali atafola bwinobwino, onse ayang'ana mbali imodzi, ndipo kutsogolo kwawo kunali chinthu chakuda, chosalala, chachitali kukafika ku likulu.

Anaviika burashi m'chitini, anatsikira pamsewu, n'kulemba ndi zilembo zazikulu ngati chitseko: 48 ÷ 6.

"Ndani andiuze?"

Dzanja limodzi linakwera ndi kambendera komwe. Anali Sigele, mtsikana amene anatha zaka za mliri akuthandiza amayi ake kugulitsa tomato.

"Eyiti, Madamu. Ndi milu eyiti ya sikisisikisi."

"Wina abwere alembe yake!"

Pamene Nduna ya Nsomba inkafika, samu zinali zitadutsa pa chigayo. Bambo Jailosi, wokonza njinga pamsika, atamva kulira kwa galimoto za apolisi anamenya chitsulo, ndipo ana anasiya samu n'kuyamba nyimbo ngati sipanachitike kanthu. Ndunayo inasuzumira pawindo, inaona zoyerayera pamsewu, ndipo m'mawu ake inayamikira sukuluyo chifukwa cha zokongoletsa zamakono.

Kuyambira tsiku limenelo sukulu inayamba kuyenda. Mvula ya apo ndi apo ndi matayala a malole zinkafufuta bolodi, m'mawa Madamu n'kuyambiranso. A Kamtedza ankangodabwa kuti laimu akutha msanga bwanji. Anthu a pamsika anayamba kubwera ndi timipando.

"Bolodi lalikulu chonchi, boma linkatibisira chifukwa chiyani?" anafunsa mayi Esinati, amayi ake a Sigele.

"Ankaopa kuti tingaphunzire mpaka ku likulu," anayankha bambo Jailosi.

Ana anayamba kuzikonda nduna malinga ndi kuchedwa kwake. Nduna ya Zaulimi inawapatsa maola asanu, n'kumaliza ziwalo za duwa. Nduna ya Zamtengatenga inasowa galimoto, inafika m'mawa mwake, ndipo mitsinje yonse ya m'dziko inalowa m'mitu. Koma wokondedwa kuposa onse anali Nduna ya Misewu, amene galimoto yake inatitimira m'dzenje pa mlatho wa Tidzakonza. Tsiku limenelo anaphunzira kulemba kalata, chimangirizo ndi chidule, ndipo ndunayo itatulukira ili matope okhaokha, ana anaiimbira ndi chikondi chenicheni mpaka inagwetsa misozi.

Tsoka linabwera kuchokera kunja. Mfumu ya dziko loyandikana nalo la Panthawiyake inatumizira Mfumu Sindilakwa mphatso ya wotchi yapamkono. Mfumu inaikonda wotchiyo koopsa. Inkayiyang'ana ikamadya, ikamaweruza milandu, ngakhale ikamasamba. Pa tsiku lachitatu inaitanitsa bwalo.

"Kanthu aka kakundiuza kuti m'dziko langa anthu amachedwa. Kuyambira lero, nduna yochedwa ndi mphindi imodzi ichotsedwa. Ndipo Lachinayi likudzali ndipita ndekha ku Dikirani, 8 koloko yeniyeni, kuti dziko lione chitsanzo."

"Zaveka, Mwinidziko!" zinatero nduna, zikuyang'anizana.

Imeneyo inali sabata yomaliza, ndipo mayeso anali Lachisanu. Lolemba nduna inafika 8 koloko, n'kuyankhula mpaka masana. Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu kunabwera ziwiri, ndipo iliyonse inayamba ndi kulemekeza inzake kwa ola lathunthu. Ana ankangowomba m'manja. Burashi inauma m'chitini.

Lachitatu masana Madamu Nankhoma anakhala pa benchi la mayi Esinati, nsapato atavula.

"Amayi a Sigele, zativuta. Ndatsala ndi mafulakishoni, samu zija zogawa chinthu chimodzi m'zidutswa. Sindinaziyambe n'komwe, ndipo pa mayeso zimadzaza tsamba lonse. Popanda zimenezo theka silikwana. Ndimafuna tsiku limodzi lokha, koma mawa Mwinidziko afika 8 koloko, ndipo mukuwadziwa akagwira chimkuzamawu."

Onse ankawadziwa. Pa mwambo wotsegulira chigayo anayankhula mpaka mayi wina amene anabwera ndi chimanga anabwerera chitamera.

"Mwana wanga wakhala pa benchi ili zaka ziwiri akuingitsa ntchentche," anatero mayi Esinati. "Sabwereraponso. Anthuni, tabwerani kuno!"

Msika unasonkhana. Bambo Jailosi anati ali ndi misomali yokwanira kuphulitsa matayala a ufumu wonse.

"Ndiye akakumangani, njinga zathu azikonza ndani? Khalani pansi, achimwene," anatero mayi Esinati.

Wogulitsa makala anati agwetsere mtengo pamsewu. Wogulitsa zitumbuwa anati amasule ng'ombe. Mayi Esinati anapukusa mutu, akusanja tomato wawo.

"Inu mukufuna kundende. Ine ndikuti Mwinidziko timawakonda. Tiyeni tikawapatse moni."

Apa pafunika kufotokoza. Ku Zatheka munthu akagwada n'kupereka moni, amayankhidwa, ngakhale woyankhayo akhale Mfumu. Moniyo sathera pa "mwadzuka bwanji." Amafunsa za kunyumba, za ana, za odwala, za ziweto ndi za kumunda, ndipo woyankhayo amabweza mafunso onsewo limodzilimodzi. Wodumpha moni amatchedwa wopanda mwambo, dzina limene Mfumu Sindilakwa inkaliopa kuposa njala. Pamsika wa Tsitsaniko tsiku limenelo panali anthu mazana anayi, osawerengera amene anatumidwa kukaitana abale kumidzi.

Lachinayi, kutatsala mphindi khumi kuti 8 koloko ikwane, mdipiti wa galimoto zachifumu unalowa pamsika uli pa liwiro. Pakati pa msewu panali mayi Esinati, atagwada, manja ali pamodzi. Mabuleki analira. Mfumu inatsitsa galasi.

"Mwadzuka bwanji, Mwinidziko?"

"Ndadzuka bwino, kaya inu, mayi?"

"Tadzuka, koma msanawu. Unayamba chaka chija cha dzombe. Ndikati ndiwerame chonchi, umagwira apa. Ndikati nditembenuke, umathawira uku. Nanga amayi kunyumba adzuka bwanji?"

"Adzuka bwino."

"Amayi aakulu kapena aang'ono?"

Mfumu inali ndi akazi asanu ndi anayi. Mayi Esinati ankawadziwa onse mayina, pamodzi ndi ana awo ndi matenda a apongozi. Mfumu inasuzumira pa wotchi, kenako inakweza maso. Kumbuyo kwa mayiwo kunali mzere wa anthu ogwada, wokhota pa chigayo, wodutsa pa mjigo, wokathera kuseri kwa chulu.

"Vomerezani, ichi n'chiyani?"

"Ndi chikondi, Mwinidziko," anayankha a Vomerezani, thukuta lili kamukamu.

Mfumu inatsika m'galimoto. Ikanatani?

Uko ku sukulu, Madamu Nankhoma anali atayamba kale. Wogulitsa nzimbe anali atapereka mtolo wonse, ndipo Madamu anaimika nzimbe imodzi m'mwamba.

"Nzimbe imodzi, anthu anayi. Titani?"

"Wamkulu adye, ang'ono aonerere!" anakuwa mnyamata wina wa ndevu kumbuyo.

"Zimenezo ndi za ku likulu. Kuno tidula. Bwera udule, zifanane."

Chikwanje chinalira. Pamsewu panalembedwa 1/4 wamkulu ngati ng'ombe. Anadula pawiri, anadula patatu, anadula pasanu ndi patatu. Amene wayankha bwino ankatafuna yankho lake, ndipo posakhalitsa ana amene chiyambire chaka sanakwezepo dzanja anali kulimbirana burashi.

Kumsika, Mfumu inali pa munthu wa nambala 60 pamzerewo, nkhalamba yogontha imene inkafuna kuti yankho lililonse libwerezedwe katatu. Pambuyo pake panabwera bambo amene mbuzi yake inali ndi chifuwa, ndipo anatsanzira katsokomoledwe kake kuti Mwinidziko amvetse. Bambo Jailosi anapereka moni atavala chipewa, anazungulira kuseri kwa sitolo, n'kudzaperekanso atavula.

"Nkhope iyi sindinaione kale?" inafunsa Mfumu.

"Ameneyo ndi mkulu wanga, Mwinidziko. Timafanana. Iye anaiwala kufunsa za nkhunda zanu."

Dzuwa litafika pamutu, ku sukulu kunabuka vuto. Theka kuphatikiza gawo limodzi mwa magawo anayi. Ana ankangophatikiza zam'mwamba ndi zam'munsi momwe, n'kumapeza zinthu zosadziwika. Madamu anafotokoza kawiri, katatu, mawu akuyamba kusasa. A Kamtedza ankayendayenda m'mbali mwa msewu atavala jekete, akupemphera kuti Mfumu ifike msanga, kenako n'kupempheranso kuti isafike.

Sigele anatola chidutswa cha theka, anachiyang'anitsitsa, n'kuchidula pakati.

"Madamu, vuto ndi lakuti milu yake ndi yosiyana. Sungaphatikize mulu waukulu ndi waung'ono n'kumati ndi iwiri. Uyambe waifananitsa. Onani, izi ziwiri, ichi chimodzi. Zitatu mwa zinayi!"

"Eeeeh!" anatero ana onsewo nthawi imodzi, ngati mvula yagwa padenga la malata. Mnyamata wa ndevu uja anaponya kambendera m'mwamba n'kuyamba kuvina. Madamu anakhala pansi pa tara pomwepo, akuseka, laimu ali m'tsitsi. Kenako anadzuka n'kuwapatsa zina makumi awiri.

Mfumu inafika 3 koloko masana, wapansi, chifukwa anthu omaliza anaiperekeza akuifunsabe za kumunda. Dzanja lamanja linali litatupa. Mawu anali atatheratu. Bambo Jailosi anali pa mzere kachitatu, choncho panalibe womenya chitsulo, ndipo Mfumu inapeza ana atagwada pamsewu, makoko a nzimbe ali mbwee, manambala atayala kuchokera pa geti mpaka pamene maso amalekeza.

"Ichi n'chiyani?" inanong'ona Mfumu.

"Zokongoletsa zamakono, Mwinidziko," anatero a Kamtedza.

Mfumu inayang'ana mayi wa laimu m'tsitsi. Madamu Nankhoma anagwada. Anali atatopa kwambiri moti bodza silikanatuluka.

"Ndi samu, Mwinidziko. Ana awa m'kalasi salowa, chifukwa tsiku lililonse amakhala pano kudikira alendo. Ndiye ndimawaphunzitsa podikirapo. Akuluakulu akachedwa, timaphunzira. Akafika pa nthawi, sitiphunzira. Lero mwachedwa maola asanu ndi awiri, ndipo tamaliza zonse."

A Kamtedza anatsamira mtengo, jekete n'kudetsedwa ndi laimu. Nduna ya Chitetezo inayamba kusanthula m'thumba kufuna unyolo. Nkhope ya Mfumu inali ikusankha pakati pa mkwiyo ndi kudabwa, ndipo a Vomerezani, amene ankadziwa kuti mkwiyowo ukatera uyambira pa iwo, analumphira kutsogolo.

"Mwamva, anthu inu? Mwamva nzeru za Mwinidziko? Mafumu ena amamanga makalasi, amagula mabuku, amavutika. Athuwa angochedwa chabe, maphunziro n'kubwerera mwakale!"

Nthungululu zinaphulika kuchokera kwa amayi a pamsika. Mfumu inaganiza pang'ono, inaona kuti ndi zoona, ndipo inamwetulira. Inatsegula pakamwa kuti iyankhule kwa maola anayi, koma panangotuluka kamphepo. Mwambo wonse unatha m'mphindi zisanu ndi imodzi, ndipo ana anapita kwawo kukagona msanga.

Zotsatira za mayeso zitatuluka, ana 79 mwa 112 a pa Dikirani anali atapambana. Sukulu sinatsekedwe. Sigele anasankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko, ndipo mayi Esinati anavina kuchokera pa benchi lawo mpaka pa chigayo, msana uja osaumvanso.

Ku Chiwombammanja bwalo linakhalanso, ndipo panatuluka Lamulo la Kuchedwa. Nduna iliyonse yoyendera sukulu izichedwa maola osachepera asanu, ndipo yochedwa kuposa zinzake izilandira mendulo ya maphunziro. Laimu analowa m'gulu la zipangizo zophunzitsira. Ngakhale akachenjede a pa Yunivesite ya Mawa anatuluka ndi mikanjo yawo kukafola pamsewu waukulu, kumene zaudokotala zikuphunzitsidwa pakati pa depoti ya mabasi ndi malo omwetsera mafuta.

Nduna za ku Zatheka sizinayambe zalandirapo lamulo logwirizana ndi luso lawo ngati limeneli, ndipo mpikisano wake ndi woopsa. A Vomerezani ananyamuka ku likulu mwezi wa Meyi kupita ku Dikirani. Pamene tikulemba pano chimanga chayamba kumera, ndipo sanafike. Ana amafola m'mawa uliwonse, onse, timbendera tili m'manja.

Dzulo a Kamtedza anaima pakati pa msewu, dzanja lili pamphumi, akuyang'ana kumene kumachokera galimoto.

"Madamu, kapena titumize munthu akawafufuze? Mwina adwala panjira."

Madamu Nankhoma sanadzutse n'komwe mutu. Anaviika burashi m'chitini.

"Asiyeni, Ahedi, akugwira ntchito. Ana inu, sunthirani kutsogolo, uku kwadzaza."